ZA KUTSUKA NDI KUDZOZA UNYOLO WA NJINGA YA MOTO

Kwa inu eni nyumba amene muli nayo njinga ya moto pakhomo panu, kapena mulingalira kuigula mukagulitsa fodya, soya kapena mtedza wanu, mau awa ndi anu. Masiku ano njinga ya moto yalowa m'nchito ya mlimi monga khasu ndi ngolo. Ndiyo itenga thumba la feteleza ku sitolo, ndiyo ipita ndi matimati a kudimba ku msika asanaole, ndiyonso ithamangira ndi wodwala ku cipatala usiku. Ena a inu mwaipereka kwa mwana kapena kwa mkamwini kuti ayendetse kabaza, nabwere nazo ndalama madzulo. Koma pa njingayo pali cinthu cimodzi cimene eni ace acinyoza koposa zonse, ndico unyolo, umene anyamata aucha cheni. Munthu apukuta thanki ndi magalasi kufikira zing'anima, koma unyolo uli pansi, wakuda, ndipo saukumbukira kufikira tsiku limene uduka.

Musayese kuti kuduka kwace kufanana ndi kwa unyolo wa njinga ya kapalasa, kumene munthu angotsika, nakankha njinga yace kumka kwao. Unyolo uwu uthamanga ndi mphamvu ya injini. Ukaguluka pa mano ace njinga iri pa liwiro, ukhoza kudzikulunga pa gudumu la pambuyo ndi kuliimitsa mwadzidzidzi, ndipo woyendetsa ndi wokwera agwa onse awiri pamseu. Ukaduka, nsonga yace ikhoza kukwapula kutsogolo ndi kuswa cigoba ca injini. Pamenepo mtengo wa kukonza uposa wa maunyolo ambiri. Zoipa izi sizidza tsiku limodzi. Ziyamba pang'onopang'ono m'kati mwa unyolo momwe diso silifika, ndipo ndifuna muyambe mwazindikira cimene cicitika m'menemo.

Mumva anthu ati, Unyolo watanuka. Mau amenewa asokeretsa. Citsulo ca unyolo sicitanuka monga mphira; unyolo utalika cifukwa wadyeka. Tolani unyolo wakale wotayidwa, muuyang'anitse padzuwa. Mudzaona kuti pa mfundo iri yonse pali tizitsulo tapyapyala m'mbali, ndi kamsomali kopingasa kolumikiza tizitsuloto, ndi kapaipi momwe kamsomali kazungulira, ndi mphete ya kunja imene ikhudza mano a gudumu. Mapangidwe awa anawatulukira Hans Renold, mbadwa ya ku Switzerland, amene anali ndi nchito yace ku Manchester m'dziko la England, m'caka ca 1880, ndipo maunyolo a lero atsata njira yomweyo. Pakati pa kamsomali ndi kapaipi ndipo pagona moyo wa unyolo. Pamenepo pakakhala mafuta, zitsulo ziwirizo zitsetsereka bwino; pakauma zikhulana, kamsomali kaonda, kapaipi kakula m'kati mwace, ndipo mfundo iyamba kugwedera. Kugwedera kwa mfundo zonse pamodzi ndiko kumene anthu akuyesa kutanuka.

Tiwerenge pamodzi, kuti muone kukula kwa nchito ya kamsomali kamodzi. Pa njinga zazing'ono zimene zicuruka m'midzi muno, za injini ya 100 kufikira 150 cc, gudumu la pambuyo lizungulira monga ka 530 pa kilomita imodzi. Tinene kuti unyolo uli ndi mfundo 120, ndi gudumu la mano la pambuyo, limene amakaniko alicha sipuroketi, liri ndi mano 40. Unyolo wotere umaliza ulendo wace umodzi gudumu likazungulira katatu, ndiko kuti ka 175 kapena kuposapo pang'ono pa kilomita. Ndipo pa ulendo uli wonse mfundo ipinda polowa pa mano a kutsogolo, niongoka poturuka, nipindanso polowa pa mano a pambuyo, niongokanso. Cotero pa kilomita imodzi mfundo iri yonse isuntha ka 700. Ndipo mukapita ku msika wa pa mtunda wa makilomita 20 ndi kubwerako, yasuntha ka 28,000, iri cikokere munthu ndi katundu wace.

Tsono mdani wace ndiye mcenga ndi fumbi. Mukafuna kunola nkhwangwa kapena cikwanje muthira madzi pa mwala, ndipo timcenga ta mwalawo tisanganizika ndi madzi, tisanduka phala lakudya citsulo. Mafuta ndi fumbi pa unyolo apanga phala lomwelo. Apa ndipo alakwa anthu ambiri akhama, si aulesi okha iai. Aona unyolo wauma, nathira mafuta pamwamba pa dothi lakale. Mafutawo atenga mcenga umene unali kunja, naulowetsa m'kati mwa mfundo. Mawa aonjezanso, ndi mkuja comweco. Munthu wotere alikunola unyolo wace tsiku ndi tsiku, poyesa kuti ausamala. Cifukwa cace kutsuka kuyambe, ndi kudzoza kutsate pambuyo.

Mabuku ambiri a opanga njinga anena kuti unyolo uonedwe ndi kudzozedwa pa makilomita 500 kapena 1,000 ali onse, naonjeza kuti pa fumbi ndi pa madzi kucitike kawirikawiri koposa apo. Miseu ya kumidzi ndiyo fumbi ndi madzi omwewo. Kuyambira mwezi wa August kufikira mvula igwa, fumbi la katondo liri losalala ngati ufa woyera, ndipo lilowa ponseponse. M'dzinja matope amata unyolo, madzi a pa madooko atsuka mafuta onse, ndipo kukaca mupeza dzimbiri lofiira pa mfundo. Ine nditi, njinga ya pakhomo yopita ku msika kamodzi kapena kawiri pa sabata, unyolo wace uonedwe Loweruka liri lonse, nutsukidwe kawiri pa mwezi. Njinga ya kabaza itha makilomita 500 m'masiku owerengeka, ndipo yotere ifuna kutsukidwa sabata liri lonse. Koma tsiku limene mwaoloka mtsinje kapena mwayenda m'matope, musadikire Loweruka. Citani madzulo omwewo.

Zofunika pa nchitoyi nzocepa: parafini wa m'kapu imodzi, mswaci wakale wa mano kapena kaburashi kofewa, sanza, citini ca pansi, ndi mafuta odzozera. Petulo musatsukire. Mpweya wace ulemera, ukwawa pansi monga madzi, ndipo ukhoza kufika ku moto wa kukhichini uli kutali, motowo nubwerera nao kwa inu. Ngakhale ndi parafini yemwe, gwirani nchito pabwalo, kutali ndi mafuwa ndi nkhokwe, ndipo pasakhale wosuta fodya pafupi.

Musanakhudze unyolo, zimitsani injini, mucotse kiyi, muike m'thumba mwanu. Mau awa ndiwachula ndi mtima wonse, pakuti anyamata ali nayo njira yao ya cidule. Aimika njinga pa coimikira ca pakati, naliza injini, nalowetsa giya, nagwira sanza pa unyolo ulikuthamanga, kuti nchito ithe msanga. Ulusi umodzi wa sanza ukakodwa pa mfundo, dzanja litsata sanza, ndipo zala zilowa pakati pa unyolo ndi mano. Gudumu siliima cifukwa ca fupa la munthu. Lidula ndithu, ndipo cicitika munthu asanaphethire. Kodi wopanda zala ziwiri za dzanja lamanja adzagwira bwanji khasu, adzasoka bwanji fodya? Inu mwini njinga ndinu muyenera kuletsa mcitidwe uwu pakhomo panu, ngakhale mnyamatayo anene kuti anzace onse acita cotero. Gudumu lizungulizidwe ndi dzanja, ndipo ngakhale pamenepo musapukute lirikuyenda. Zungulizani pang'ono, imitsani, pukutani, zungulizaninso. Ana okonda kuseweretsa gudumu akhale patali.

Imikani njinga pa coimikira cace ca pakati, isakhale m'giya. Ngati iribe coimikira cotere, ikani cipika pansi pace kuti gudumu la pambuyo lilendewere. Njinga zina, monga Yamaha AG200 imene inapangidwira nchito za kumunda, ziri ndi cikuto cophimba unyolo wonse. Cikakhalapo, cimasuleni, mukokolole dothi la m'kati mwace. Matope ouma a pa unyolo muwacotse ndi kamtengo. Pamenepo viikani mswaci m'parafini, mukwece unyolo pamwamba, pansi, ndi m'mbali zonse ziwiri, kuyambira pa mfundo yolumikizira kufikira mwabwereranso pomwepo. Mano a gudumu muwakwecenso. Nthawi ndi nthawi masulani kacivindikiro ka mano a kutsogolo, pafupi ndi injini. M'menemo muunjikana matope ndi udzu ndi mafuta akale, ndipo mukasiya, unyolo woyera udzadanso usanafike kwa mfumu. Mukatha, pukutani ndi sanza youma, muleke unyolo uume monga ola limodzi, pakuti parafini wotsalira asungunula mafuta atsopano.

Maunyolo alipo a mitundu iwiri, ndipo muyenera kudziwa wanu. Yang'anani pakati pa tizitsulo ta m'mbali. Mukaona timphete takuda ta mphira, unyolo wanu ndi wa mtundu umene ogulitsa aucha O-ring. Uwu uli ndi girisi wotsekeredwa m'kati ndi opanga ace, ndipo timpheteto ndito ticinjiriza girisiyo kuti asaturuke, ndi mcenga kuti usalowe. Unyolo wotere musaukwece ndi burashi ya waya, musauviike nthawi yaitali, musauyandikize ku moto, ndipo petulo aononga timphete tace. Ukwera mtengo, koma pa miseu ya fumbi ukhalitsa koposa, ndipo kwa iye wokhala kutali ndi phula ine ndiuyesa woyenera ndalama zace.

Koma njinga zazing'ono zambiri zidza ndi unyolo wamba wopanda timphete, ndipo uwu ulola kusamba kwenikweni. Kawiri pa caka, mvula itatha ndi isanayambe, ucotseni pa njinga, muuviike m'citini ca parafini usiku wonse, muugwedeze, musinthe parafini kufikira mcenga uleka kutsika pansi pa citini. Muupacike pamtengo uume. Pamenepo ikani mafuta okhuthala m'citini cina, citinico mucikhazike m'mphika wa madzi otentha, osati pa moto weniweni, ndi kumiza unyolo m'mafuta ofundawo. Mafuta akafunda apyapyala, nalowa m'kati mwa kapaipi kali konse. Akazirala akhala momwemo. Iyi ndi njira yakale, ndipo ndi ya ukhondo wocepa, koma palibe ina yofikitsa mafuta pa kamsomali monga iyo.

Nanga mafuta ndiwo ati? Abwino ndi osabvuta kupeza ndiwo oilo wa giya, wolembedwa SAE 80 kapena 90, amene mabuku a Honda amchula pa nchito yomweyi. Ali wokhuthala, sathawa msanga, ndipo lita imodzi ikwanira miyezi yambiri. Mafuta opopera a m'zitini opangidwira unyolo ali bwino, koma mtengo wace si wa munthu ali yense. Oilo watsopano wa injini agwira nchito, ngakhale auluka msanga, kotero kuti mudzadzoza kawirikawiri. Girisi wopaka ndi cala pamwamba salowa m'mfundo. Angokhala kunja monga ulimbo wokola mcenga. Mafuta ophikira nao auma, namata. Watsala oilo wakuda wocotsedwa mu injini, amene ambiri amkonda cifukwa ndi waulere. Iye ali ndi mwaye ndi tizitsulo tonyenyeka, ndipo aipsa khungu la womgwira kawirikawiri. Sindimtama. Koma mukasowa cina ciri conse, mlekeni adikhe m'botolo masiku angapo, mumsefe pa nsaru, pakuti unyolo wouma gwa udyeka koposa.

Podzoza, nthawi yabwino ndi madzulo, unyolo ukali wofunda ndi ulendo, kapena utauma pambuyo pa kutsuka. Musathire pamwamba pa unyolo monga wothirira mbeu. Thirani pa mzere wa pansi, ku mbali ya m'kati imene ikhudza mano, kuti pozungulira mafuta akankhidwire kupyola m'mfundo kumka kunja. Nthenga ya nkhuku ikwanira, kapena botolo loboola pa civindikiro. Kadontho kamodzi kumanja ndi kamodzi kumanzere pa mfundo iri yonse, pamene tizitsulo tikumana. Zungulizani gudumu kangapo, ndi kuleka njinga igone. M'mawa pukutani onse oonekera kunja. Unyolo wodzozedwa bwino uoneka wonyowa pang'ono cabe. Ukamadontha, mwacurutsa, ndipo otsalawo adzaulukira pa tayala ndi pa buleki, kumene mafuta ali ngozi.

Manja akali akuda, yesaninso kulimba kwa unyolo. Pakati peni peni pa mzere wa pansi, ukankheni ndi cala kumwamba ndi pansi. Pa njinga zambiri zazing'ono za pamseu uyenera kusuntha mamilimita 20 kufikira 30, monga kutambalala kwa cala cacikuru ca munthu wamkuru; njinga za kuchire zotalika miyendo zifuna kuposa apo, ndipo muyeso wa njinga yanu ulembedwa m'buku lace kapena pa kapepala komata pafupi ndi unyolo. Zungulizani gudumu, muyese pa malo angapo, popeza unyolo sudyeka mofanana. Pamene walimba koposa ndipo muyesere.

Ambiri aopa unyolo wolendewera, naukunga monga nsinga ya uta. Kulakwa uku kuposa kwina kuja. Njinga ikasenza katundu, pambuyo pace patsika, ndipo unyolo ulimba wokha. Wokungidwa kale njinga iri yopanda kanthu, mukaikapo matumba awiri a cimanga a makilogalamu 50, ukoka mtanda wa giya ndi mphamvu yoopsa pa dzenje liri lonse, nuononga mabering'i a m'kati mwa injini, nudzidya wokha. Cifukwa cace mukatha kukonza, khazikani munthu wolemera pa njinga, muone ngati unyolo usunthabe pang'ono. Pokonzapo masulani nati wa ekiselo, mupotoze tomangira ta mbali zonse ziwiri mofanana, kuyang'ana timizere tolembedwa pamenepo, kuti gudumu lisakhote. Mangani natiyo kolimba, mubwezere kapini kace ngati kalipo, ndipo muyese buleki wa pambuyo musanakwere, pakuti gudumu likasuntha buleki asinthanso.

Unyolo uli wonse uli ndi tsiku lace lakutha, ndipo nkwabwino kulidziwa muli pakhomo. Pa tizitsulo ta m'mbali palembedwa nambala. Pa njinga zambiri za 125 ndi 150 cc mupeza 428, ndipo pa unyolo umenewo kucokera pa kamsomali kufikira pa kanzace ndi theka la inci, ndiwo mamilimita 12.7. Kungani unyolo, muwerenge timisomali 21, muyese kucokera pakati pa koyamba kufikira pakati pa kotsiriza. Watsopano apereka mamilimita 254. Ukafika 259, watha. Taonani kucepa kwace: mamilimita 5 pa mfundo 20, ndiko kuti mfundo iri yonse yadyeka kosafika pa kucindikala kwa cikhadabo, koma pa unyolo wonse kutalikako kwaposa mfundo ziwiri. Wopanda rula acite cotere: agwire unyolo kumbuyo kweni kweni kwa gudumu la mano, naukoke. Wabwino sucoka pa mano. Ukanyamuka kufikira theka la dzino lioneka, watha. Mfundo zouma zosaongoka ngakhale mutadzoza, ndi fumbi lofiira la dzimbiri loturuka m'mfundo, zinenanso comweco.

Ena aona kuti tomangira tafika kumapeto, nadula mfundo ziwiri kuti unyolo ufupike. Kucita cotero sikubwezera citsulo cimene cadyeka. Unyolo wotalika mfundo sukhala bwino pa mano. Ukwera pansonga pao, nuwadya kufikira asongoka ndi kukhota monga minga ya kankhande. Ndipo mano otere, mukawapatsa unyolo watsopano, audya m'miyezi yowerengeka. Gulani zitatu pamodzi, unyolo ndi magudumu a mano onse awiri, ngakhale mtima uwawa pa ndalama. Mwezi wogulitsa mbeu ndiwo woyenera, musanamwaze ndalamazo pa zina.

Pobwezera unyolo penyetsetsani kacitsulo kopanira mfundo yolumikizira. Kafanana ndi kausipa: mbali ina ndi mutu wotseka, mbali ina ndi mcira wogawanika. Mutu utsogole kumene unyolo upita njinga ikamayenda kutsogolo. Ndiko kuti pa mzere wa pamwamba mutu uyang'ane kutsogolo kwa njinga. Mukakatembenuza, mcira ukhoza kukodwa pa udzu kapena pa cikuto, kacitsuloko nikathawa, unyolo numasuka. Kopindika kapena kolobodoka musakabwezere. Kagulidwa ndi ndalama zocepa, ndipo nkwanzeru kusunga mfundo yolumikizira ina m'kathumba ka masipanala.

Cikuto ca unyolo cibwerere pamalo pace. Anyamata ambiri acicotsa, ati cicita phokoso, ati njinga ikongola popanda ico. Phokosolo licokera kwa unyolo wolendewera kapena kwa bauti womasuka, ndipo zonse ziwiri zikonzeka. Cikutoco cichinga fumbi ndi matope, kotero kuti unyolo wophimbidwa ukhalitsa koposa wa pamtunda. Cichinganso nsaru. Amai ambiri akwera camkhundu, nsonga ya citenje iri lende pafupi ndi gudumu, ena ali ndi mwana kumbuyo. Citenje cikakodwa pa unyolo cikoka mwini wace kumgwetsa. Ngakhale cikuto ciripo, woyendetsa ayambe waona kuti nsaru yapindidwa bwino asananyamuke.

Parafini wakuda wa m'citini musamtaye. Mthireni m'botolo, adikhe, ndipo wa pamwamba adzatsukanso unyolo ulendo wina. Zotsalira za pansi ndi sanza za mafuta zisatayidwe pafupi ndi citsime, kapena m'dimba, kapena pamene nkhuku zipalasa. Botololo lisakhale la zakumwa zozizira, pakuti mwana waludzu sasiyanitsa parafini ndi madzi, ndipo parafini akalowa m'mapapo a mwana apha. Lembanipo dzina, mutseke kolimba, mulipacike pamwamba pamene dzanja la mwana silifika.